Mbendera ya Malawi pakhomo pathu ku Joni yatiyambanitsa ndi amuna anga

"Mayi mlangizi, ndine mayi wa ana atatu. Ine ndi amuna anga takhala kuno ku Johannesburg zaka 11. Timachita lendi nyumba ya kuseri mumpanda wa eni ake. Bambo akunyumba ndi owotcherera, amachoka m'mamawa n'kubwera usiku, ine ndimasoka pakhomo pomwepano. Chaka chino anaitanitsa mbendera yaikulu ya Malawi kudzera kwa dalaivala wa basi, ndipo pa 6 July anaimangirira ku paipi yaitali pafupi ndi geti, moti imaonekera kumsewu. Ndinkayesa ndi ya tsiku limodzi, koma yakhala pamenepo miyezi iwiri. Ine mtima sukhala m'malo. Mwana wathu wachiwiri anabwera akulira kuti anzake akumunena kuti ndi kwerekwere, dzina lonyoza anthu obwera. Tsiku lina gulu la anthu linadutsa mumsewu likuimba ndi kukuwa, ine ndinaitsitsa n'kuibisa pansi pa matiresi. Amuna anga atabwera anakwiya kwambiri. Anati ndikuchita manyazi ndi dziko langa, ndasanduka mtchona, ndipo ndikuphunzitsa ana kukana kwawo. Anaikwezanso usiku womwewo. Iyi ndi sabata yachitatu tikungolankhulana za ana ndi ndalama basi. Kodi ndalakwa ine? Ndichite bwanji?"

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamo, ndipo zikomo kuti mwalemba nkhaniyi isanafike poipa. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: banja lanu silinagwedezeke maziko. Ndakhala ndikulangiza mabanja kwa zaka zambiri, ena a kumudzi, ena a kuno kuchilendo, ndipo mabanja amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi aja amene mwamuna ndi mkazi analeka kusamala zimene mnzawo akuganiza. Inu awiri mukukangana chifukwa aliyense akuteteza ana omwewo. Inu mukufuna ana agone ali amoyo ndi osavulala, iwo akufuna anawo akule akudziwa kwawo. Zonse ziwirizi ndi ntchito ya kholo.

Mwafunsa ngati mwalakwa. Pa mantha anu simunalakwe m'pang'ono pomwe, ndipo ndikufuna mumve zimenezi bwinobwino chifukwa munthu akauzidwa kawirikawiri kuti ndi wamantha amayamba kudzikayikira. Mu May 2008 ziwawa zodana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira m'madera ambiri a dziko lino, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban n'kufika ku Johannesburg, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu athu. Mu 2019 zinachitikanso. Mu April 2022 bambo wina wa ku Zimbabwe, Elvis Nyathi, anaphedwa ku Diepsloot ndi gulu limene linkayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu mapepala. Inu mwakhala kuno zaka 11, ndiye kuti zambiri mwa izi munaziona ndi maso kapena munazimva mukubisala m'nyumba. Munthu wotere akamva gulu likuimba mumsewu, thupi limakumbuka lokha asanaganize n'komwe. Manja anu anathamangira ku chingwe cha mbendera chifukwa cha zimenezo.

Ndikudziwa zimene bambo akunyumba angayankhe, chifukwa abambo ambiri andiyankhapo chimodzimodzi: "Aliyense mumsewu muno amadziwa kale kuti ndife Amalawi, ndiye mbendera ikuwonjezera chiyani?" Pamenepa akunena zoona, koma theka. Anansi amene amakudziwani nthawi zambiri si amene amaopsa. Ambiri ndi anthu abwino, mumabwerekana shuga, mumawasokera yunifolomu ya ana awo, ndipo pa nthawi za ziwawa alipo eni dziko ambiri amene anabisa obwera m'nyumba zawo. Vuto limakhala gulu lochokera kutali, losadziwa kuti nyumba iyi mumakhala yani, limene limangofuna chizindikiro. Mu 2008 anthu ankaimitsidwa panjira n'kufunsidwa dzina la chigongono m'Chizulu, wolephera kuyankha n'kumenyedwa, ndipo mwa anthu amene anafa aja munali ngakhale nzika za South Africa zimene zinaganiziridwa kuti ndi zobwera. Gulu lofuna chizindikiro mpaka kufika pamenepo, mbendera yapamwamba pa geti imalichepetsera ntchito.

Palinso mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse. Bambo amachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Amene amakhala pansi pa mbenderayo tsiku lonse ndi inu ndi ana. Wina akaponya mwala, ugwera pa makina anu osokera. Wina akagogoda pageti masana, wotsekula ndinu. Ine ndimakhulupirira kuti m'banja, pa chinthu chimene chingabweretse ngozi, mawu a munthu amene adzasenze ngoziyo ayenera kulemera kwambiri. Izi sizichotsa ulemu wa bambo monga mutu wa banja. Mutu umamva ululu phazi likaponda minga.

Tsopano ndikupempheni kuti mukhale kaye mbali ya amuna anu, chifukwa mukapanda kumvetsa chimene chikuwapweteka, mudzapambana mkangano n'kutaya mtima wawo.

Taonani mawu amene anasankha atakwiya. Anakutchulani mtchona. Mawu amenewa ali ndi mbiri yowawa kwathu. Agogo athu ambiri anabwera kuno pa Wenela ndi pa Theba kudzagwira ntchito m'migodi. Ena anabwerera ndi njinga, wailesi ndi masutukesi, koma ena anapita osabweranso, makalata n'kusiya kufika, akazi awo n'kukalamba akuyang'ana kunjira. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi dzina la munthu wotere limene limatchulidwa motsitsa mawu. Mwamuna wa ku Malawi amene watha zaka 11 ku Joni amadziwa kuti kumudzi ena anayamba kale kumutchula dzina limenelo. Nthawi zambiri munthu akakwiya amaponyera mnzake mawu amene iye mwini amawaopa kwambiri. Ndikukayika ngati bambowa amakhulupiriradi kuti inu mwatchona. Ndikuganiza kuti amadzuka usiku n'kumadzifunsa ngati iwowo sanatchone.

Ndiye ndikufunseni, chinachitika n'chiyani miyezi ingapo mbendera isanabwere? Zaka khumi zapita popanda mbendera, bwanji chaka chino? Ndikukumbuka banja lina limene ndinakhala nalo pansi pa nkhani yofanana ndi yanuyi. Bambo wake anali atapachika mbendera pawindo loyang'ana kumsewu ndipo sankafuna kumva chilichonse. Tinakumana kawiri osaphula kanthu. Ulendo wachitatu ndinangowafunsa kuti anapita liti kumudzi komaliza. Anakhala chete nthawi yaitali akupotokola chipewa m'manja, kenako anati mayi awo anamwalira mu 2020 malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo maliro anawaonera pafoni, mphwawo atanyamula foniyo m'mwamba kumanda, netiweki ikudukaduka. Sanaponye dothi. Sanalire pamaso pa munthu aliyense, chifukwa m'mawa mwake anayenera kupita kukafuna ganyu. Akazi awo ankadziwa za malirowo, koma sanaganizepo kuti nsalu ya pawindo ija inali yokhudzana ndi zimenezo. Atamva, anayamba kulira ndi iwo, ndipo nkhani ya windo inatha tsiku lomwelo popanda ine kugamula kanthu.

Kwa amuna anu mwina si maliro. Mwina ndi tsiku limene mwana anayankha agogo ake pa WhatsApp m'Chingerezi, agogo n'kufunsa kuti akuti chiyani. Mwina ananyozedwa kuntchito n'kumeza mawu chifukwa choopa kuchotsedwa. Munthu amene tsiku lonse amatsitsa mawu mu takisi kuti asadziwike kalankhulidwe, amene amayankha "yebo" pamene mtima ukufuna kunena "eya", amafuna malo amodzi padziko pamene sakubisala. Pageti paja ndi pamene anasankha. Ndipo mbendera yathu imayankhula zinthu zimene munthu wotopa ndi kunyozedwa amafuna kumva: chakuda ndi anthu a mu Africa, chofiira ndi magazi a amene anafera ufulu, chobiriwira ndi chonde cha dziko, ndipo dzuwa lotuluka lija ndi kwacha kwa pa 6 July 1964. Kumbukirani mmene Amalawi anakanganirana mu 2010 pamene boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, ndi mmene Nyumba ya Malamulo inabwezeretsera yakale mu 2012 pa nthawi ya Joyce Banda. Ngati dziko lonse linatekeseka ndi kaonekedwe ka dzuwa pansalu, musadabwe kuti bambo mmodzi ali kutali ndi kwawo wapsa mtima poipeza pansi pa matiresi.

Apa ndiye pamene ndikuuzeni mosabisa mbali imene mungapepese. Kutsitsa mbendera gulu likudutsa kunali kwanzeru, ndipo zitachitikanso mudzachite chimodzimodzi. Koma iwo atafika anapeza paipi ili yokha, chinthu chimene amachilemekeza chitapindidwa pansi pogona, ndipo n'kutheka kuti anamva nkhaniyo mochita kufunsa. M'maso mwawo zinaoneka ngati mwawabisa iwowo. Mukanawaimbira foni nthawi yomweyo, kapena kuwalandira ndi mbenderayo itapindidwa bwino patebulo n'kuwafotokozera zimene munaona, mwina ukali ukanachepa. Kupepesa pa kachitidwe sikutanthauza kuti mwavomera kuti ibwerere pageti. Nawonso ali ndi zawo zoti apepese, ndipo ndi zazikulupo: anaika chinthu choonekera kumsewu osakufunsani, anakunenani mawu opyoza, ndipo anaikwezanso usiku womwewo ngati kuti misozi ya mwana ndi mantha anu si kanthu.

Za malamulo ndinene mwachidule. Kupachika mbendera ya dziko lako panyumba si mlandu ku South Africa. Koma inu muli pa lendi mumpanda wa eni, ndipo geti ndi lawo. Mwini nyumba ali ndi ufulu wokana chinthu chimene chingakope maso kapena miyala pamalo pake, ndipo ndaonapo mabanja akupatsidwa notisi pa zifukwa zochepa kuposa izi. Amene amakhala m'mafulati kapena m'makompuleksi amakhalanso ndi malamulo a bungwe la eni nyumbazo (body corporate), amene kawirikawiri amaletsa kusintha maonekedwe a kunja popanda chilolezo. Funsani bambo ngati analankhula ndi eni nyumba. Ngati sanatero, imeneyo ndi nkhani yoti ikonzedwe msanga, mwaulemu, asanayambe ndi iwo kudandaula. Ndipo ngati mapepala a wina aliyense m'nyumbamo, kapena a m'bale amene mukumusunga, ali ndi vuto kapena akudikira kukonzedwanso, musaitane mafunso pakhomo panu. Pamenepo sindingakulangizeni zina ayi.

Nanga mulankhule nawo bwanji? Musayambe nkhaniyi iwo atangolowa ndi fumbi la kuntchito, ndiponso musaiyambe ana ali pomwepo. Sankhani Lamlungu masana, atadya, kapena muwapemphe kuti muyende limodzi pang'ono. Ndipo musayambe ndi mbendera. Yambani ndi funso lija: "Bambo a uje, kodi mwakumbuka kumudzi? Chikukuvutani n'chiyani chaka chino?" Mukafunsa, khalani chete, ngakhale chete wake atalike. Abambo athu ambiri sanaphunzitsidwe kunena kuti "ndasowa amayi anga" kapena "ndikuopa kudzafera kuno", ndiye mawu amatuluka mochedwa. Akayankhula, musathamangire kuwatsutsa. Kenako muwauze zanu monga mmene mwandiuzira ine, tsatanetsatane: gulu linali lalikulu bwanji, linkaimba chiyani, ana anali pati, inu munamva bwanji m'mimba. Muwauze mawu enieni amene mwana ananenedwa. Mawu akuti "mbendera yanuyo itiphetsa" amamveka ngati mukuwaimba mlandu, pamene "ndinagwira ana n'kuzimitsa wailesi, ndikunjenjemera, inu kulibe" amamuika bambo m'chipinda momwe munalimo.

Pa zoti muchite ndi mbenderayo, maganizo anga ndi awa. Ichoke pageti, koma ilowe m'nyumba mwaulemu waukulu kuposa umene inali nawo panja. Inu ndinu wosoka. Ipindireni mpendero wabwino, muichape, muisite, ndipo muipachike pakhoma la pabalaza pamene aliyense wolowa aziyamba kuiona, pafupi ndi zithunzi za makolo a mbali zonse ziwiri. Chitani zimenezi ndi manja anu, ndipo bambo aone kuti mwachita ndinu. Palibe yankho lina limene lingafafanize mawu akuti mukuchita manyazi ndi dziko lanu kuposa limeneli. Kunja kuja dzuwa ndi mvula zikanaichotsa mtundu pofika Khirisimasi, n'kuyamba kung'ambika m'mphepete, ndipo munthu wokonda mbendera sasangalala kuiona itasanduka sanza.

Ndiye mugwirizane masiku amene idzatuluke. Pa 6 July, pa 15 January pokumbukira John Chilembwe, pa 3 March pokumbukira amene anafera ufulu, kapena tsiku limene Flames ikusewera. Masiku a mpira ndi abwino kwambiri chifukwa mbendera ya tsiku la mpira aliyense amaimvetsa, ngakhale mnansi wovuta. Ambiri kuno akukumbukabe chigoli chakutali chimene Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco mu January 2022 ku Cameroon, nthawi imene ankasewerera Orlando Pirates, ndipo usiku umenewo eni dziko ambiri anakuwa nafe limodzi. Pa masiku oterowo ituluke bambo ali pakhomo, eni nyumba atauzidwa, ilowe dzuwa likamalowa, ndipo mugwirizane kuti kukamveka mphekesera za chipwirikiti m'dera lanu, kapena nthawi ya kampeni pamene andale amakonda kuloza zala obwera, siituluka ngakhale litakhala tsiku lalikulu. Mugwirizanenso poyera kuti inu mukaona zoopsa muli ndi ufulu woitsitsa nthawi yomweyo popanda kudzaimbidwa mlandu madzulo. Kumapemphero a Amalawi, kumisonkhano ya mabungwe othandizana pa maliro, kuzikondwerero za ufulu zimene anthu athu amakonza, kumeneko bambo aitenge, aikolekere paphewa ngati akufuna.

Koma ndisakunamizeni kuti kusuntha nsalu kuchoka pageti kupita pabalaza kuthetsa zonse. Ngati nkhawa yawo ndi yakuti ana akutayika, nkhawa imeneyo ndi yoona ndipo ikufuna ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mwana saphunzira kwawo poyang'ana mbendera. Amaphunzira pomva Chichewa pa nthawi ya nsima, podziwa mfunda wake ndi dzina la mudzi ndi la mfumu yake, polankhula ndi agogo Loweruka lililonse mpaka manyazi atatha, pomva nthano usiku magetsi akazima. Apatseni bambo ntchito imeneyi, ndi yawo. Ndipo ngati n'kotheka, yambani kusunga kandalama mwezi ndi mwezi ka ulendo wa banja lonse. Ulendo wa pabasi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza ndi wotopetsa ndi ana atatu, koma mwana amene wagonapo m'nyumba ya agogo ake, wadya mango a mumtengo umene bambo ake ankakwera, sadzafunanso kuuzidwa kuti ndi wa kuti. Paja amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Bambo akaona tsiku la ulendo litalembedwa pakalendala, mudzaona kuti za pageti ayamba kuzifewetsa okha.

Mwana amene analira uja musamuiwale pakati pa mkangano wa akuluakulu. Iye akuona kuti kunena kuti ndi Mmalawi kwamuliza kusukulu, ndipo kwayambanitsa makolo ake kunyumba. Mukhale naye nonse awiri, mumuuze kuti palibe cholakwika ndi kumene anachokera, kuti mawu amene ananenedwa ndi achipongwe ndipo olakwa ndi amene anawanena. Pitani kusukulu mukaonane ndi mphunzitsi wake, ndipo zikapitirira mukafike kwa mphunzitsi wamkulu. Sukulu ili ndi udindo woteteza mwana aliyense posayang'ana kumene makolo ake anabadwira. Bambo apite nawo. Kuimirira mwana wawo pamaso pa aphunzitsi kudzawapatsa ulemu umene ankaufuna pokweza mbendera ija.

Mukayesa kulankhula kawiri kapena katatu osamvana, musadikire kuti masabata atatu asanduke miyezi itatu. Kusalankhulana kukakhalitsa kumazolowereka, ndipo ndi kumene kumapha mabanja ambiri kuposa mkangano weniweniwo. Itanani ankhoswe. Ndikudziwa kuti ali kutali, koma masiku ano ankhoswe ambiri akuweruza nkhani pafoni, ndipo mabanja ena kuno amasankha banja lachikulire la Amalawi kuti liziimira ankhoswe a kumudzi. Posankha, pezani munthu amene wakhalapo kuno ndipo akudziwa mmene zinthu zimakhalira, chifukwa wa kumudzi amene sanaonepo sitolo ikuotchedwa angathe kungoti "mverani amuna anu" osadziwa chimene akukuuzani kuti mupirire. Abusa kapena ashehe anu angathandizenso, ndipo bungwe la FAMSA lili ndi alangizi a mabanja m'mizinda yambiri ya dziko lino.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka, nkhani yasiya kukhala ya mbendera. Ngati ayamba kukuopsezani, kukukankhani kapena kukumenyani, kukumanani ndalama ya chakudya monga chilango, kapena kukulandani pasipoti, musadikire ankhoswe. Imbani 0800 428 428, nambala yaulere ya boma yothandiza ochitiridwa nkhanza m'banja, imene imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo dziwani kuti khoti la majisitireti limapereka chikalata chokutetezani ngakhale muli obwera. Ngati mwaona kuti bambo asiya kugona, ayamba kumwa kwambiri, kapena akulankhula zotaya mtima, apite kukiliniki, chifukwa kusowa kwawo kukakula kumasanduka matenda enieni amene amachizika. Ndipo wina akakuopsezani pakhomo chifukwa ndinu obwera, imbani apolisi pa 10111, lembani tsiku ndi zimene zanenedwa, dziwitsani eni nyumba, ndipo mukafuna thandizo la zamalamulo pitani ku Lawyers for Human Rights kapena ku South African Human Rights Commission. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Pretoria, ndipo ku Johannesburg kuli ofesi ya konsulo. Sungani mapasipoti, mapepala ndi makalata obadwira a ana m'chikwama chimodzi chimene nonse awiri mukudziwa pamene chili.

Kalata iyi mukhoza kuwawerengera bambo akunyumba ngati mukuona kuti angailandire, ndipo ndime ino ndi yawo. Bambo, ndikumva chimene mukufuna, ndipo n'chabwino. Palibe amene akukuuzani kuti mubise kuti ndinu Mmalawi. Koma mayi awa anasiya abale awo n'kukutsatani ulendo wa masiku awiri pabasi, akulerera ana anu kudziko la eni, ndipo tsiku lija anali okha m'nyumba gulu likudutsa. Mawu aja akuti mtchona abwezeni, chifukwa akuwapweteka mpaka lero. Mawa musanapite kuntchito, masulani chingwe chija ndi manja anu, muwapatse mbenderayo kuti aisite, ndipo madzulo mukhomere msomali pakhoma ana akuona.